Kutera ndege mitambo itatseka: GPS, ILS kapena kudikira kuti kuyere?

Aliyense amene anagonapo ku Mzuzu, ku Thyolo kapena ku Mulanje m'mwezi wa June amachidziwa chiperoni. Kumacha mitambo itagona pamitengo, mvula yamawawa ikungonyowetsa osaleka, phiri limene dzulo munaliona bwinobwino litasowa ngati silinakhalepo. Wagalimoto amayatsa nyali n'kuchepetsa liwiro, zikavuta amaima pambali pa msewu. Woyendetsa ndege alibe poima. Mafuta ake ndi a maola owerengeka, pansi pali zitunda zimene sakuziona, ndipo ayenera kusankha: atsike, azungulire, kapena abwerere kumene wachokera.

Pa 10 June 2024 tinaona kulemera kwa chisankho chimenechi. Ndege ya asilikali ya mtundu wa Dornier 228, imene inanyamuka ku Lilongwe kupita ku Mzuzu, inagwa m'nkhalango ya Chikangawa, ndipo Wachiwiri kwa Mtsogoleri wa dziko Dr Saulos Chilima anamwalira pamodzi ndi anthu ena asanu ndi atatu. Akatswiri a bungwe la BFU la ku Germany amene anafufuza ngoziyo anapeza kuti ndegeyo inkauluka motsatira malamulo oyendera maso pamene nyengo inali yofuna zipangizo, ndipo inagunda mtunda wokwera. Ngozi ya ndege imakhala ndi zifukwa zolukanalukana, tchati chimodzi sichingaletse zonse. Komabe funso limene ngoziyi inasiya ndi la bwalo laling'ono lililonse: mitambo ikatseka, ndege idzatsika bwanji?

Ndalemba izi poganizira anthu amene ali ndi bwalo lotere m'manja mwawo: akuluakulu a boma, eni malo ogona alendo kunyanja ndi kumalo osungira nyama, zipatala za mishoni zimene zimanyamula odwala pandege, ndi makampani a ndege zing'onozing'ono.

Zoyenera kuyeza musanasankhe

Njira yotera ndi zipangizo ndi malangizo olembedwa patchati. Amauza woyendetsa kuti: yambira pamalo akutiakuti, lunjika uku, tsika mpaka apa, ukafika apa osauona msewu woterapo, kweranso ndipo ukhotere uku. Malo amene amati "apa" ndiwo malire otsikira, ndipo nkhani yonse yagona pamenepo. Malire akakhala mapazi 600 kuchokera pansi, mitambo ili pa mapazi 400, ndege sitera, ngakhale zida zake zikhale zatsopano chotani. Pa ntchito ya ndege kutalika amakuyeza m'mapazi. Mapazi 200 ndi mamita pafupifupi 60.

Chachiwiri choti mumvetse n'chakuti njira zina zimangotsogolera ndege kumanja ndi kumanzere, kutsika n'kumusiyira woyendetsa kuti awerengere yekha. Zina zimamupatsanso mzere wotsetsereka woti atsatire mpaka kufika pamsewu. Kusiyana kumeneku si kwamasewera. Kafukufuku amene bungwe la Flight Safety Foundation linafalitsa mu 1996 anaonetsa kuti ndege zamalonda zotera popanda mzere wotsikira zinali pachiopsezo cha ngozi kuwirikiza kasanu poyerekeza ndi zotera ndi mzerewo. N'chifukwa chake mu 2010 bungwe la ICAO, nthambi ya United Nations yoona za ndege, linagwirizana kuti pofika 2016 misewu yonse yoterapo ndi zipangizo ikhale ndi njira yokhala ndi mzere wotsikira.

Njira iliyonse ndiiyeza ndi zinthu zinayi. Mtengo, osati wa tsiku logula lokha, komanso amene adzalipire: mwini bwalo kapena mwini ndege. Kupezeka, kutanthauza ngati njirayo ingagwire ntchito kuno kwathu lero, ndi ndege zimene zimabweradi pabwalo lanu. Kusamalira, chifukwa kuno chida chimafa kawirikawiri pa kasipeya kamodzi kofuna ndalama zakunja. Ndipo zoopsa zimene njirayo imabweretsa yokha.

1. Kukhala opanda njira ya zipangizo

Mabwalo aang'ono ambiri ali pamenepa, ndipo si manyazi. Ndege imatera kukayera, kukatseka imadikira.

*Mtengo.* Papepala palibe. Ndalama zimatayikira kwina: mafuta a ndege imene yabwerera, alendo ophonya ndege yawo yakunja ku Lilongwe, wodwala amene amayenera kuuluka ola limodzi koma wayenda usiku wonse pa ambulansi. Musanaganize zogula chilichonse, tengani kope, mulembe kwa chaka chathunthu masiku amene ndege inalephera kubwera, ndi kutalika kwa mitambo tsiku limenelo. Kope limenelo lidzakuuzani zoona kuposa wogulitsa aliyense.

*Kupezeka.* Masana okha, nyengo ikalola. Kumalo ouma a kuchigwa izi zimakwana miyezi yambiri. Kumapiri, nthawi ya chiperoni ndi ya dzinja, masiku otayika amachuluka.

*Kusamalira.* Kutchetcha, kukwirira maenje, mpanda, ndi kansalu koonetsa kumene mphepo ikulowera.

*Zoopsa.* Apa mpamene mtima wanga umawawa. Bwalo lopanda tchati silipha munthu. Chimene chimapha ndi chikakamizo. Taganizani woyendetsa wachinyamata, kumbuyo kwake kuli bwana amene akuyang'ana wotchi, msonkhano wayamba kale. Woyendetsayo waona kampata m'mitambo, walowamo, tsopano akukwawa pansi pa mitambo kutsata msewu wa galimoto. Mitambo ikutsika, nthaka ikukwera, mpata pakati pa ziwirizi ukunka nuchepa, ndipo chigwa chapanikiza moti kutembenuka sikuthekanso. Ngati mwasankha kukhala opanda njira ya zipangizo, lamulo lolembedwa loti woyendetsa akakana wakana, ndipo palibe womudzudzula, ndilo chida chanu chachikulu.

2. Zida zakale zapansi: NDB ndi VOR

NDB ndi kawailesi kapansi kamene kamachititsa singano ya m'ndege kuloza kumene kali. VOR imauza woyendetsa mbali imene ali poyerekeza ndi siteshoni, ndipo ikaphatikizidwa ndi DME imamuuzanso mtunda.

*Mtengo.* NDB ndi yotsikirapo. VOR ndi DME wake zimadya madola a ku America mazana angapo a masauzande, kuphatikizapo nyumba, magetsi ndi malo oyera ozungulira.

*Kupezeka.* Mayiko ambiri akuzichotsa, makamaka ma NDB, ndipo ndege zing'onozing'ono zatsopano zambiri zikutuluka kufakitale zopanda chida cholandirira NDB. Malire otsikira amakhala okwera, mzere wotsikira palibe.

*Kusamalira.* Magetsi usana ndi usiku, jenereta, mabatire, amisiri, mlonda, ndi ndege yapadera yodzayesa chizindikiro nthawi ndi nthawi.

*Zoopsa.* Singano ya NDB imakopeka ndi ziphaliwali, imaloza kumene kukugunda mabingu m'malo mwa bwalo, ndiye kuti imanama pa tsiku lomwe mukuifunitsitsa. Usiku ndi pafupi ndi mapiri imagwederanso. Kugula NDB yatsopano lero sindingalangize aliyense. VOR imene ilipo kale ndipo ikugwira ntchito, imeneyo isungeni. Chifukwa chake muchiona pansipa.

3. ILS

Iyi ndiyo mfumu ya zida zapansi. Ili ndi mawailesi awiri: ina kumapeto kwa msewu yolunjikitsa ndege pakati, ina pambali pa malo ogundira matayala yopereka mzere wotsetsereka wa madigiri atatu. ILS ya gawo loyamba imatsitsa ndege mpaka mapazi 200, maso akamaona mamita 550 pamsewu, ngati nyali zonse zilipo.

*Mtengo.* Ziwerengero zakale za ku America zinkati kuika ILS imodzi kumadya pakati pa madola 1 miliyoni ndi 1.5 miliyoni. Imeneyo ndi ya mbali imodzi yokha ya msewu. Mphepo ikatembenuka, mbali inayo ilibe kanthu. Onjezani nyali zolondolera ndege, zimene zikakhala zathunthu zimatalika mamita 900 kuchokera pachiyambi cha msewu. Pa mabwalo athu ambiri mamita 900 amenewo ndi minda ya anthu ndi nyumba zawo, ndiye pali nkhani ya chipukutamisozi ndi mafumu.

*Kupezeka.* Pafupifupi ndege iliyonse youluka ndi zipangizo ili ndi cholandirira ILS, ndipo woyendetsa aliyense anaiphunzira. Vuto ndi malo. Chizindikiro cha mzere wotsikira chimadalira nthaka yosalala patsogolo pa mlongoti wake, chifukwa mbali ina ya mafunde imanjanja pansi. Bwalo la paphiri kapena la m'mphepete mwa chigwa lingafune kusalaza kodula kuposa chida chenichenicho.

*Kusamalira.* Kolemera. Udzu ukatalika, madzi akadikha, galimoto ikaima pamalo oletsedwa, chizindikiro chimapindika. Ndege yoyesera imabwerekedwa kawirikawiri kuchokera kunja, kulipira kwake m'madola, ndipo ikachedwa ILS imayenera kuzimitsidwa ngakhale ili bwinobwino. Kuzimazima kwa magetsi ndi akuba mawaya a kopa ndi adani ena awiri amene tonse tikuwadziwa.

*Zoopsa.* Ikamagwira ntchito ndi yodalirika kwambiri, ndipo sidalira setilaiti ya dziko lina. Choopsa chake n'kugula chinthu chimene simudzatha kuchidyetsa. ILS ndi ya mabwalo a msinkhu wa Kamuzu International Airport, osati bwalo lolandira ndege zitatu pamlungu.

4. Njira ya GPS yotsogolera m'mbali mokha: LNAV

Pano ndikhalitsapo, chifukwa kwa mabwalo aang'ono a m'chigawo chathu chino mpamene pali phindu lalikulu pa ndalama zochepa.

Masetilaiti a GPS amazungulira pamtunda wa makilomita pafupifupi 20,200, ndipo chizindikiro chawo n'chaulere. Pabwalo simuika chida chilichonse. Katswiri amajambula mfundo zingapo m'mlengalenga, iliyonse ndi dzina la zilembo zisanu, ndipo ndege imayenda kuchoka pa mfundo ina kupita pa ina mpaka italunjika pamsewu. Chida cha m'ndege chimadziyesa chokha ndi njira yotchedwa RAIM: chikamaona masetilaiti osachepera asanu chimatha kuzindikira kuti imodzi ikunama, n'kuchenjeza woyendetsa kuti asapitirire.

*Mtengo.* Mwini bwalo amalipira zinthu zinayi: kuyeza malo molondola pa muyeso wa dziko lonse wa WGS-84, pamodzi ndi phiri, mtengo ndi nsanja iliyonse yozungulira, kujambula njirayo motsata malamulo a ICAO, kuiyesa poulukamo ndi ndege, ndi kuisindikiza m'buku la boma la za ndege. Ziwerengero zomwe zija za ku America zinkaika ntchito yosindikiza njira ya setilaiti pa madola pafupifupi 50,000 pa msewu umodzi. Kuno akatswiri ochokera kunja angakweze mtengo, komabe kusiyana kwake ndi ILS kumakhalabe kwakukulu zedi, ndipo kuyeza kumodzi kumathandiza mbali zonse ziwiri za msewu. Mayiko a mu Africa alinso ndi pothawira: pulogalamu ya ICAO yotchedwa African Flight Procedure Programme, imene inayamba mu 2014 ku Dakar, imaphunzitsa ojambula njira zotere ndi kuthandiza mayiko kuzikonza.

Koma onani kumene ndalama zasamukira. Mwini ndege ayenera kukhala ndi GPS yovomerezeka, yomangiriridwa m'ndege, monga za Garmin GTN, zimene kugula ndi kuika kumadutsa madola 10,000. Ayeneranso kulipira kuti mapu a m'chidacho azikonzedwa masiku 28 aliwonse. GPS ya pafoni kapena patabuleti siloledwa pa ntchito imeneyi, ngakhale ioneke yolondola bwanji. Woyendetsa nayenso akhale ndi chiphaso choulukira m'mitambo, ndipo aziyeserera. Afunseni eni ndege zobwera kwanu musanalipire katswiri. Tchati chimene palibe ndege yochigwiritsa ntchito ndi pepala chabe.

*Kupezeka.* Lero lomwe, paliponse m'Malawi, Zambia ndi Mozambique. Malamulo amalola malire kutsika mpaka mapazi 250, koma kawirikawiri amagwera pakati pa 400 ndi 600, ndipo kumapiri amakwera kuposa pamenepo. Izi zikutanthauza kuti tsiku la chifunga chogona pansi ndege siteranso. Chimene LNAV imapulumutsa ndi masiku ambiri aja amene mitambo yatseka pamwamba koma pansi pake pali poyera, masiku omwe woyendetsa akanayamba kusakasaka kampata.

*Kusamalira.* Palibe jenereta, palibe waya wobedwa. Komabe ambiri amaiwala kuti tchati chimakalamba. Malamulo a ICAO amafuna kuti njira iunikidwenso pasanathe zaka zisanu. Bulugamu wamng'ono amakula mamita angapo m'zaka zochepa, kampani ya mafoni ingamange nsanja pachitunda mwezi umodzi wokha, ndipo tchati sichidziwa zimenezo. Pafunika munthu pabwalo amene ntchito yake ndi kuyang'ana zomera ndi zomangidwa, ndi ubale wabwino ndi khonsolo komanso amfumu kuti nkhani ya nsanja izimveka isanamangidwe.

*Zoopsa.* Choyamba n'chakuti mzere wotsikira palibe. Kale oyendetsa ankatsika mwamsanga mpaka pamalire, kenako n'kuuluka chopingasa pafupi ndi nthaka akusuzumira pawindo. Anthu ambiri anathera pamenepo. Masiku ano amaphunzitsidwa kutsika mosalekeza, mapazi pafupifupi 300 pa mailo iliyonse ya panyanja, yomwe ndi mamita 1,852. Pa mailo zisanu akhale pa mapazi pafupifupi 1,500 pamwamba pa bwalo, pa zitatu 900, wina akuwerenga mokweza, mnzake akuyankha. Zimagwira ntchito, koma zimadalira mutu wa munthu amene mwina watopa.

Chachiwiri ndi kusokonezedwa kwa chizindikiro. Chimafika pansi chili chofooka kwambiri, moti kachida kakang'ono kangathe kuchiphimba. Kumapeto kwa April 2024 kampani ya Finnair inaimitsa maulendo ake opita ku Tartu m'dziko la Estonia kwa mwezi wathunthu, ndege zake ziwiri zitabwerera chifukwa GPS inkasokonezedwa ndipo njira yofikira pabwalolo inkadalira GPS. Inayambiranso mu June atakonza njira yodalira zida zapansi. Ndicho chifukwa ndinati VOR yamoyo musaitaye. Bwalo laling'ono lingadalire GPS yokha, bola bwalo lothawirako likhale ndi chida chapansi, ndipo ndege inyamule mafuta okafikira kumeneko.

5. GPS yokhala ndi mzere wochokera ku mpweya: LNAV/VNAV

Apa kumanja ndi kumanzere kukuchokerabe ku GPS, koma kompyuta ya m'ndege imajambula mzere wotsikira pogwiritsa ntchito altimita, chida choyeza kutalika potengera kulemera kwa mpweya.

*Mtengo.* Ukawonjezedwa pa tchati cha LNAV, wochepa. Chofunika kugula ndi chida chodalirika choyezera mpweya pabwalo pomwepo.

*Kupezeka.* Sifuna setilaiti yowonjezera, choncho imatheka kuno, ndipo malire angatsike mpaka mapazi 250. Koma ndi ndege zokhala ndi makompyuta akuluakulu zimene zimaitha, monga Boeing 737, Airbus A320 ndi ndege zambiri zatsopano za injini za mapulopela zonyamula anthu makumi angapo. Ndege zing'onozing'ono zambiri sizingathe.

*Kusamalira.* Chida choyezera mpweya chiziyesedwa, ndipo pakhale munthu wophunzitsidwa wouza woyendetsa nambala yake pawailesi. Nambala imeneyi amaitcha QNH.

*Zoopsa.* Zonse zagona pa nambala imodziyo. Pa 23 May 2022 ndege ya Airbus A320 yochokera ku Stockholm inkatera pa bwalo la Charles de Gaulle ku Paris, kukugwa mvula, ILS ya msewu umene inkafuna kuterapo ili yozimitsidwa. Wa pansanja anatchula QNH 1011 m'malo mwa 1001. Kusiyana kwa 10 kumeneko ndi mapazi pafupifupi 280. M'chipinda cha oyendetsa zonse zinkaoneka bwino: singano pakati, altimita ikugwirizana ndi tchati, chifukwa zonse ziwiri zinkamwa pachitsime chimodzi cholakwika. Atalephera kuona msewu anaganiza zokweranso, ndipo ndegeyo inatsika mpaka kutsala mapazi 6 kuti igunde pansi, isanafike n'komwe pamsewu. Ngati zinachitika pa bwalo lalikulu chotero, ganizirani bwalo limene QNH amaiwerenga pa chida chosayesedwa kwa zaka, pawailesi yokhala ndi phokoso. Kutentha ndi kuzizira nakonso kumasintha mzerewu, n'chifukwa chake tchati chimalemba malire a nyengo.

6. LPV: mzere wotsikira wochokera ku setilaiti

Iyi ndiyo imene magazini a ndege amaitamanda, ndipo ali ndi chifukwa. Masiteshoni apansi omwazikana m'chigawo chonse amayeza zolakwika za GPS, n'kutumiza zokonza kudzera pa masetilaiti oima pamtunda wa makilomita pafupifupi 36,000. Dongosolo limeneli amalitcha SBAS. Ndege imalandira mzere wotsikira wofanana ndi wa ILS, mpaka mapazi 250 kapena 200, popanda chida chilichonse pabwalo, ndipo chikalakwika chinachake chenjezo limafika m'masekondi ochepa. Mzerewo sudalira altimita, choncho cholakwa ngati cha ku Paris sichiupinda.

*Mtengo.* Kwa mwini bwalo, wofanana ndi wa LNAV, kungoti kuyeza malo kumafuna kulondola kwambiri. Ndalama zazikulu zimalipiridwa ndi maboma omanga dongosololo.

*Kupezeka.* Apa mpamene muyenera kutsegula maso. America inayamba SBAS yake, yotchedwa WAAS, mu 2003. Pofika 2008 njira za LPV kumeneko zinali zitaposa za ILS, ndipo lero zadutsa 4,000, zambiri pa mabwalo aang'ono amene sakanalota ILS. Ku Ulaya EGNOS inavomerezedwa pa ndege mu 2011, bwalo la Pau ku France n'kukhala loyamba. India ili ndi GAGAN, ndipo mu April 2022 ndege ya IndiGo inatera nayo ku Kishangarh. Mu Africa bungwe la ASECNA, loona za maulendo a ndege m'mayiko ambiri olankhula Chifalansa, linayesa dongosolo lake ku Lomé mu January 2021. Koma Malawi, Zambia ndi Mozambique alibe SBAS yovomerezeka poteretsa ndege. Wogulitsa akakuuzani kuti chida chake "chimatha LPV" sakunama, chimathadi ku America ndi ku Ulaya. Kuno chidzagwira ngati GPS wamba. Ntchitoyi imavutiraponso kumadera oyandikana ndi equator, kumene mlengalenga wam'mwamba umavunduka dzuwa likangolowa n'kusokoneza mafunde a setilaiti.

*Kusamalira.* Monga LNAV: mitengo, nsanja, kuunikanso tchati.

*Zoopsa.* Kusokonezedwa kwa GPS kumaikhudzanso. China ndi ndale. Dziko la Britain litatuluka mu European Union, linataya mwayi wogwiritsa ntchito EGNOS poteretsa ndege mu June 2021, ndipo njira za LPV zinachotsedwa pa mabwalo ake, kuphatikizapo a kuzilumba za Scotland kumene ndege ndiyo basi ndi ambulansi yomwe. Masetilaiti anali pomwepo, chizindikiro chikufika, koma pangano linatha. Dziko lathu likadzalowa m'dongosolo lotere, pangano lake lidzafunika kuliwerenga mzere ndi mzere.

Palinso GBAS, siteshoni yokonza GPS yoikidwa pabwalo penipeni. Imeneyo ndi ya mabwalo akuluakulu a ndege zambiri, ndipo sindiiwerengera pano.

Zimene tchati sichingakuchitireni

Njira iliyonse mwa izi imathera pa maso a munthu. Pamalire woyendetsa amadzutsa mutu, ndipo ali ndi masekondi owerengeka oti aone msewu. Msewu wadothi wofanana mtundu ndi minda yozungulira suoneka mumvula. Zizindikiro zoyera m'mbali, nyali za sola, ndi nyali zinayi za PAPI, zimene zimaonetsa ziwiri zoyera ndi ziwiri zofiira ndege ikakhala pamzere woyenera, zimathandiza kwambiri pa mtengo wochepa.

Akatuluka m'mitambo alinso ndi mpata wochepa woona ng'ombe, wanjinga kapena ana odutsa pamsewu popita kusukulu. Mpanda ndi munthu wa wailesi amene wayendera msewu ndege isanafike ndi mbali ya njira yotera, ngakhale salembedwa patchati.

Koma chachikulu ndi nyengo. Ndikanakhala ndi ndalama zogulira chinthu chimodzi chokha pa bwalo la kumapiri, ndikanayamba ndi kasiteshoni koyeza nyengo: kutalika kwa mitambo, mtunda umene maso akuona, mphepo ndi QNH, n'kumatumiza zimenezi kwa woyendetsa asananyamuke. Ngozi yosavuta kuipewa ndi ya ulendo umene sunayambike. Popanda QNH ya pomwepo, wojambula tchati amakakamizika kukweza malire, ndipo phindu limene munalipirira limachepa.

Ndipo musaiwale njira yokwereranso. Ku malo okwera ngati Chelinda pa Nyika, pamtunda wopitirira mamita 2,000, mpweya ndi wopepuka ndipo ndege yodzaza imakwera mwaulesi. Nthawi zina chimene chimakweza malire si phiri la kutsogolo potera, koma la kuseri kwa bwalo, limene ndege iyenera kulidumpha ikalephera kutera.

Njira iti kwa yani

Ngati bwalo lanu lili kuchigwa kapena kunyanja, limalandira alendo masana m'chilimwe, ndipo kope lanu likuonetsa masiku otayika owerengeka pachaka, khalani opanda njira ya zipangizo. Ndalama ziikeni pa mpanda, wailesi, chida cha nyengo ndi lamulo loteteza woyendetsa amene wakana kuuluka.

Ngati ndi bwalo la chipatala kapena la boma kudera la chiperoni, ndipo ndege zobwera zili ndi GPS yovomerezeka, sankhani LNAV mbali zonse ziwiri za msewu, pamodzi ndi siteshoni ya nyengo ndi PAPI. Muuzeni woyeza malo kuti ayeze molondola mokwanira LPV, kuti SBAS ikadzafika musadzalipirenso kawiri.

Ngati ndi bwalo la mzinda limene likufuna ndege zapandandanda zonyamula anthu 50 kapena 70, onjezani LNAV/VNAV, koma pokhapokha mutatsimikiza kuti QNH idzayezedwa ndi chida choyesedwa, ndipo idzatchulidwa kawiri pawailesi, woyendetsa n'kuibwereza.

Ngati muli ndi VOR ndi DME zogwira ntchito pa bwalo limene ndege zina zimathawirako, zisungeni ndipo muziikire bajeti ya ndege yoyesera. NDB ikafa, ndalama zoikonzera zipite ku tchati cha GPS.

ILS isiyireni bwalo lolandira ndege zakunja tsiku ndi tsiku, lokhala ndi amisiri, jenereta ndi ndalama zakunja zotsimikizika chaka chilichonse.

Ndipo ngati ndinu mwini ndege amene mukusintha zida za m'chipinda cha woyendetsa, gulani GPS yotha kulandira SBAS ngakhale kuno sinafike, popeza zatsopano zambiri zimabwera nayo kale, ndipo pa bajeti yomweyo muikepo chida chochenjeza ndege ikayandikira phiri, chimene amachitcha TAWS.